Meja, Galu Wanga Wopanda Mchira

Nkhani iyi ndikanakonda ikanafera m'kamwa mwa anthu a pa Lirangwe, koma pamenepo nkhani siifa, imangonenepa. Ndiye ndaona kuti ndiinene ndekha asanaithire mchere wina. Ndi ya manyazi, ndipo mwini manyaziwo ndine.

Ndinakhala ku Joni zaka zoposa makumi awiri. Ndinapita ndi setifiketi ya Fomu 4 m'thumba, ndikulota mpando wa mu ofesi, koma ntchito imene inandilandira inali ya m'gadeni pa nyumba ya mzungu wina woweta agalu. Agalu ake anali a mtundu wa Rotiwaila: akuda bii, timadontho tofiirira pamwamba pa maso, chifuwa ngati cha ng'ombe yokoka ngolo, kumbuyo kopanda mchira, kachitsa chabe. Michirayo ankadula dokotala ana agaluwo asanatsegule n'komwe maso. Ine ndinkawasambitsa, kuwapesa, ndi kuwola zimene asiya pa kapinga. Pobwerera kuno ndinkadziona ngati pulofesa wa agalu.

Chondibweza chinali kudwala kwa mkazi wanga Felesiya. Sindinamudwazike nthawi yaitali. Atatisiya ndinatsala m'nyumba ya malata imene tinamanga pamudzi pakwawo, chakufupi ndi Lirangwe. Ndine mkamwini, ndipo mkamwini amene mkazi wake ali kumanda amakhala ngati mlendo amene basi yamusiya: samuthamangitsa, koma amamuyang'ana. Woyang'ana wamkulu anali mlongo wake wa Felesiya, alamu anga a Layisoni, omwe ndi mwini mbumba.

Felesiya anasiya mbuzi zingapo, ndipo mfumu ya m'kholamo anali tonde wamkulu wa mawanga amene iye anamulera kuyambira ali kakang'ono. Maliro atatha a Layisoni anandiuza kuti mbuzi za mlongo wawo zikhale m'manja mwanga, bola ndizizisamala. Anabwereza mawu akuti bola aja, kuopa kuti mwina ku Joni ndinaiwalako Chichewa.

Agalu a pamudzi sindinkawawerengera. Nthiti pamtunda, makutu odyedwa ndi ntchentche, ntchito kugona paphulusa ndi kuuwa njinga. Ambiri analibe michira, chifukwa kwathu kuno munthu akafuna galu wolusa amamutenga ali mwana, n'kuika mchira pa chitsa, chikwanje khaa. Ena amadulako nsonga za makutu, ena amamusakanizira mavu m'chakudya. Ndikaona zimenezi ndinkangopukusa mutu n'kudzifunsa kuti kodi dziko lino lidzatukuka liti.

Tsono ndili ndi kachizolowezi kena. Ndikapukwa Joni ndimakwera minibasi kupita ku Chileka kukaonerera ndege ikutera. Ine mwini sindinakwerepo ndege, maulendo anga onse anali a pa basi, kudzera ku Mwanza ndi ku Tete, miyendo itatupa. Koma kuima pafupi ndi bwalo la ndege kumandipatsa mtima woti ndidakali munthu wa maulendo.

Tsiku lina, dzinthu zitangolowa m'nkhokwe, ndili chiimire pamenepo, kunabwera bambo wina wovala jekete lachikopa, katoni ali m'khwapa. Anandipatsa moni m'Chingerezi, n'kunena kuti nsapato zanga zokha zikuonetsa kuti ndinayendako kunja. Apo ndinamuona kuti ndi munthu wozindikira. Anatsegula katoni ija. Munali kagalu kakuda, timadontho tofiirira pamwamba pa maso.

Anati mzungu amene ankamugwirira ntchito wangokwera kumene ndege, ndipo wamusiyira kagaluko ngati kumuthokoza, koma iye galu wotere sangathe kumudyetsa. Ndinakanyamula, n'kukatembenuza kuti ndione kumbuyo. Kachitsa. Mtima wanga unabwerera pa kapinga wa ku Joni.

"Rotiwaila?" ndinafunsa.

"Yomweyo, bwana."

"Ndipo apa wadula ndi dokotala."

Bambo uja anandiyang'ana kanthawi, kenako anavomera ndi mutu mwamphamvu, n'kunena kuti anali dokotala wachizungu, wa magalasi. Onani kuti dzina la mtundu ndinatchula ndine, dokotala ndinabweretsa ndine. Iye anangowonjezerapo magalasi.

Ndalama zokwanira ndinalibe. Anandifunsa mwaulemu ngati ndimasunga ziweto. M'mawa mwake anafika pakhomo pa njinga yamoto, analowa m'khola ngati munthu wosankha nsalu m'sitolo, n'kutuluka ndi tonde wa Felesiya. Anamumanga kumbuyo kwa njinga, tonde akulira, ine ndikusisita kagalu kanga. Ndinakatcha Meja.

A Layisoni anafika madzulo ake. Anayamba aima pa khola nthawi yaitali, manja kumbuyo. Kenako anabwera pakhonde, anakhala pansi, anandifunsa mmene ndaswerera, za chifuwa changa, za mphepo ya chaka chino, ndipo pomalizira anafunsa kumene tonde wapita.

Ndinawafotokozera mofatsa, monga mmene umafotokozera munthu amene sanapitirire Sitandade 5. Ndinati akuba mbuzi achuluka, ndipo galu uyu akakula adzafika m'chiuno mwa munthu, adzalondera makola a mbumba yonse, ndipo mwana wake mmodzi adzakhala wogula ndi mbuzi zingapo. A Layisoni anamukankha Meja pang'ono ndi chala cha kuphazi. Anati ngati nkhani ndi mchira, galu wawo Adzatopa nayenso alibe, anamudula okha, ndipo sanaperekepo ngakhale nkhuku.

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndinawauza kuti kufanizira Adzatopa ndi Meja kuli ngati kufanizira wilibala ndi Benzi chifukwa zonse zili ndi tayala. Ndinati pali kudula kwa dokotala ndi kudula kwa umbuli, ndipo diso lozolowera limasiyanitsa lili patali.

Sanakwiye. Anaimirira, n'kukutumula fumbi pa buluku.

"Chabwino, alamu. Tiona mvula isanagwe. Akakula monga mukuneneramu, ya tonde yatha. Akapanda kutero, tidzakhala pansi ndi mbumba, tikambe za mbuzi zotsalazo."

Kuyambira tsiku limenelo ntchito yanga inali imodzi, kukulitsa galu. Ndinapita ku Blantyre kukagula chakudya cha agalu cha m'thumba, chokhala ndi chithunzi cha galu wonenepa panja pake. Ndinkamupatsa mkaka pamene ine ndikumwa tiyi wakuda. Ankagona pa bulangeti m'chipinda chochezera. Ndinkamuyankhula Chingerezi chokhachokha, poti ndicho chinenero chimene anabadwiramo. Ndikati "Sit!" ankadzikanda. Ndikati "Come!" ankapita.

Chakudya cha m'thumba chija ankachinunkhiza n'kuchisiya, n'kuzembera kuseri kwa nyumba za anthu kukafukula m'dzala. Ndinati ndi ubwana. Miyendo inayamba kutalika, yowonda ngati misinde ya mapira, chifuwa osabwera. Ndinati Rotiwaila amayamba msinkhu, thupi limatsatira. Kukamwa kunasongoka ngati kwa nkhandwe. Ndinati mzungu uja mwina anali ndi mtundu wa ku Jeremani, umene ine sindinauwete. Kenako makutu, amene amayenera kugwa, anaimirira onse awiri ngati a bulu. Apa ndinati ndi kutentha kwa kuno, ndipo ndinayesa kuwamata ndi pulasitala. Anachotsa pulasitalayo n'kudya.

Tsiku lina thadzi la a Layisoni lokhala ndi anapiye linamuthamangitsa kuchokera pa mjigo mpaka pansi pa bedi langa. Amayi amene anali pa mjigo anaseka mpaka kutula ndowa. Ndinawauza kuti galu wophunzitsidwa salimbana ndi nkhuku, amasunga mphamvu zake podikira munthu.

Chodabwitsa n'chakuti ena anandikhulupirira. Munthu ukalankhula ndi chidaliro, utavala chipewa cha ku Joni, umapeza otsatira. Abambo angapo anabwera kudzapempha kuti Meja akakhwima adzabweretse agalu awo aakazi, atengeko mbewu. Ndinawabweza onse. Ndinati magazi achifumu sasakanizidwa ndi a m'dzala, ndipo ndinanena mokweza kuti amve ndi a kuseri kwa mpanda.

Dzuwa la Okutobala litafika pachimake, analengeza ku tchalitchi ndi pamsika kuti kubwera katemera wa chiwewe, aliyense abweretse galu wake pa Lirangwe. Ndinaona kuti tsiku langa lakwana. Ndinamusambitsa Meja ndi sopo wonunkhira, ndinamuveka kolala yachikopa ndi tcheni chonyezimira zimene ndinabwera nazo ku Joni. Kolalayo inali yaikulu, moti ndinachita kuboola bowo lina ndi msomali. Ine ndinavala jekete, kutentha konse kuja.

Pansi pa mitengo, kuseri kwa msika, panali agalu osawerengeka. Ena omangidwa ndi luzi, ena ndi waya, ena ndi tcheni cha njinga, wina ndi mpango wa mkazi wa mwini wake. Fumbi, kuuwa, fungo. A Layisoni analipo ndi Adzatopa wawo. Ine ndinaima patali pang'ono, pamthunzi wangawanga, kuti utitiri wa anthu wamba usadumphire kwa Meja.

Wobaya anali mayi wa zaziweto, wamfupi, wa mawu akuthwa. Atabaya agalu angapo anaika jakisoni pansi, n'kuyang'ana mzere wonse wa zitsa zija. Anafunsa kuti kodi michira ya agalu a dera lino imapita kuti. Anthu anaseka. Iye sanaseke. Anati mchira si chokongoletsa, galu amaingitsira ntchentche, amakhotera pothamanga, ndiponso ndi pamene munthu amaonera ngati galu wakondwa kapena akufuna kuluma. Anati kagalu kamamva kuwawa ngati mwana aliyense, ndipo tambiri timafa ndi chilonda chodulidwa ndi chitsulo cha dzimbiri. Ukali, anatero, sukhala kumchira.

Abambo anayamba kung'ung'udza. Mkulu wina wosaka nyama anati mayiyo akunena za m'buku, galu wa mchira amakodwa m'minga ndipo nguluwe imamugwira pomwepo. A Layisoni anaikapo yawo. Anati aliyense amadziwa kuti galu akachita mantha amapinda mchira pakati pa miyendo, ndiye ukaudula mantha amasowa pokhala. Anthu anawomba m'manja ngati anena za m'Baibulo. Mayi uja anawafunsa ngati munthu wometa mpala amasiya kuganiza. Mkangano unakula, agalu nawonso akuthirira ndemanga.

Ine ndinkamvetsera ndikumwetulira. Mbali ina ndinkaona anthu osadziwa kanthu, mbali inayo mayi wodziwa theka. Akanakhala Felesiya ali moyo akanandikoka jekete, monga ankachitira ku tchalitchi ndikayamba kukonza Chingerezi cha abusa. Koma jekete langa masiku ano lilibe wolikoka. Ndinakweza dzanja n'kulowa pakati pa bwalo.

Ndinayamba ndi kudzitchula dzina ndi zaka zimene ndinagwira ntchito ya agalu kunja. Ndinati mayiyo akunena zoona za anthu awa, amene amatenga chikwanje chimene atemera nkhuni n'kukadulira chamoyo, anthu oganiza kuti ukali umalowera pachilonda. Ndinawatchula kuti ndi akupha, ndikuyang'ana a Layisoni. Koma ndinapempha mayiyo kuti asatiphatikize tonse m'thumba limodzi, chifukwa pali agalu ena obadwira m'mabanja, amene mtundu wawo umafuna kuti mchira uchotsedwe mwaukatswiri.

"Bambo, kudula ndi kudula," anatero mayi uja. "Ndipo kumene mukunenako madokotala ambiri anasiya."

Kunena zoona, zaka zomalizira ku Joni agalu atsopano a bwana wanga ankakula ndi michira yawo. Ine ndinkaganiza kuti mzunguyo wayamba kuumira chifukwa cha ukalamba. Koma pa bwalo ngati limenelo munthu subwerera m'mbuyo. Ndinawerama, ndinamunyamula Meja, n'kumutembenuza kuti kumbuyo kwake kuyang'ane anthu. Ndinazungulira naye pang'onopang'ono, ngati wogulitsa malaya pa kaunjika, kuti aliyense aone.

"Yang'anani bwino," ndinatero. "Onani kusalala kwake. Onani pamene mpeni unadutsa. Ili ndi dzanja la munthu amene anapita ku yunivesite. Pa Lirangwe pano palibe angadule chonchi."

Kenako kumbuyo kwa anthu kunamveka mawu okayikira, oitana galu ndi dzina.

"Tidyenawo?"

Meja anagwedezeka m'manja mwanga. Kachitsa kaja kanayamba kuvina, kenako chiuno chonse.

Anthu anapatuka. Amene anatulukira anali a Mofati, bambo wokazinga tchipisi pa siteji ya minibasi, epuloni yawo ili noninoni ndi mafuta. M'dzanja anagwira chingwe, ndipo ku chingweko kunali galu wamkazi wokalamba wa mawere olendewera, ndi agalu ena awiri. Akuda. Timadontho tofiirira pamwamba pa maso. Miyendo ya misinde, makutu a bulu, kumbuyo tizitsa. Zinali ngati ndanyamula galu mmodzi ndipo awiri enawo ndikuwaona pa galasi.

A Mofati anayandikira, nkhope ili ngwee ndi chimwemwe. Anamugwira Meja kachitsa kaja n'kukayang'anitsitsa.

"Ndi yemweyu. Wanenepatu! Akulu, zikomo kwambiri chifukwa cha mawu anu. Apa ndinadula ndine, ndi mpeni uwu."

Anasolola m'thumba la epuloni kampeni kosendera mbatata, chogwirira chake chomangidwa ndi mphira, n'kukakweza m'mwamba kuti anthu akaone. Anati chiyambire palibe anawayamikirapo pa ntchito imeneyi, ndipo akazi awo akamva kuti munthu wa ku Joni wawatchula dokotala sakhulupirira.

Ndinamutsitsa Meja pansi. Ndinati agalu amafanana, ndipo wangayu anachokera ku Chileka, kwa mzungu. A Mofati anavomera kuti n'kutheka anafikako ku Chileka, chifukwa anamupereka kwa kasitomala wina wa jekete lachikopa amene ankadikira minibasi ya kumeneko. Anamupereka ulere. Anati mwa ana onse a galu wawo uyu ndiye anali wamantha ndi wakuba, ndipo akanapanda bambo wa jekete uja akanakamutaya kumtsinje. Katoni yokha ndiyo anamuuza kuti adzabweze.

Wina m'gulumo anafunsa za bambo wake wa galuyo, kuti mwina ndiye anali wachizungu. A Mofati anati zimenezo ngakhale mayi wakeyu sangayankhe, chifukwa nyengo imeneyo pa siteji pankagona agalu ambiri.

Ndinayesa komaliza. Ndinakoka tcheni n'kunena mwamphamvu kuti, "Meja, come." A Mofati sanakoke kanthu. Anangoliza kamluzu n'kutchula dzina lija. Galu anapotoza khosi, mutu unapulumuka m'kolala ya ku Joni, n'kuthamangira kwa mayi wake, kukagwa chagada m'fumbi, sopo wanga yense n'kuthera pomwepo. Ine ndinatsala nditagwira tcheni chonyezimira, kolala ikulendewera yopanda kanthu.

Kuseka kumene kunabuka sindidzakuiwala. Mkulu wosaka nyama uja anachita kukhala pansi. Abambo amene ndinawakaniza mbewu anabwera mmodzimmodzi kudzandigwira chanza, kundithokoza kuti ndinawapulumutsa. Mayi wa zaziweto yekha ndiye sanaseke. Anamugwira galuyo pakhosi, anamubaya, n'kundiuza kuti galu ndi wabwinobwino, wathanzi, chimene akusowa ndi mchira basi.

Tinabwerera limodzi ndi a Layisoni, iwo patsogolo ndi Adzatopa, ine pambuyo ndi galu wanga womangidwa ndi luzi lobwereka. Njira yonse ankangondifunsa ngati jekete silikunditentha.

Mbumba inakhala pansi Loweruka lotsatira, pakhonde panga pomwe. Sipanakhale zokangana. Alongo awo a Layisoni, amene ndi ang'ono ake a Felesiya, anati nyumba ndi yanga, ndinamanga ndi thukuta langa, ndikhalemo mpaka Mulungu adzandiitane. Koma mbuzi za malemu zisamukire ku khola la a Layisoni zisanasanduke amphaka a ku Amereka. Ndinafuna kuyankha, koma nditayang'ana pabwalo ndinaona Meja akuthawa bakha.

Anatsegula khola. Mbuzi za Felesiya zinatuluka imodziimodzi, n'kudutsa pamaso panga, timichira tawo tili m'mwamba. A Layisoni anaima pambali panga tikuziyang'ana. Anandigwira paphewa, ndipo anayankhula motsitsa, ngati munthu wopepesa maliro.

"Alamu, mukanangotiuza kuti mtima wanu ukufuna chiweto cha mchira waufupi. Tonde uja anabadwa nawo."

Pogula galu, abale anga, yambirani kumene kuli mano.